Ku Joni ndi jombo m'jumbo

Lachiwiri, 8 Julayi 2025

Basi imene anati inyamuka 7 koloko yatuluka mu Wenela nthawi itadutsa 9. Chochedwetsa ndi matumba: mpunga wa kilombero, usipa, ufa woyera, zonse zopita kwa abale a ku Joni amene akuti pap sawakhutitsa. Ine ndili pawindo. Pambali panga pali muphwa wanga, mwana wachiwiri wa achemwali, wazaka 20. Chikwama chake chili pansi pa basi pamodzi ndi usipawo, koma jombo zake wazikulunga m'jumbo n'kuzifungatira pamiyendo ngati khanda. Ndamuuza kuti palibe angabe jombo zong'ambika chala. Wangoseka, osazisiya.

Akupita ku matrayo, kukayesedwa mpira. Pali ejenti wina amene anaona timavidiyo take pa Facebook n'kumulonjeza kuti amulowetsa timu ya ku South Africa. Achemwali atamva anabwera kunyumba usiku, osagogoda n'komwe. Anati, "Achimwene, mwanayu ndi wanu. Inu Joni mukumudziwa. Akapita yekha n'kukasowa, musadzandifunse ine." Ku Joni ndinakhalako kuyambira 2011 mpaka 2018, ndikumata matayala pa galaja ina. Ndiye ndatseka shopu kwa masabata awiri, ndakwera basi.

Mnyamatayu pa zaka zitatu wavala jezi za matimu atatu. Anayambira pa bwalo lafumbi ku Ndirande. Timu ya mu ligi ya m'chigawo cha kummwera inamutenga posinthana ndi mipira iwiri ndi seti ya jezi zakale. Kenaka timu ya mu Super League inamusainitsa, n'kumupatsa theka la ndalama yosainira, theka linalo mpaka lero "likukonzedwa". Patatha miyezi isanu ndi umodzi anamutumiza pa ngongole ku timu ina, kumene kontrakiti yake yathera. Mayina a matimuwa sinditchula, akuluakulu ake ena timapemphera nawo tchalitchi chimodzi.

Pa foni yake pali chithunzi cha Gabadinho Mhango. Tisanafike pa Mwanza anali atandiwerengera kale matimu a Gaba pa zala: Bullets, Bloemfontein Celtic, Golden Arrows, Bidvest Wits, Orlando Pirates, AmaZulu, Moroka Swallows, Marumo Gallants. Amawatchula ngati makwerero. "Amalume, Gaba anapita ali ndi zaka ngati zangazi." Apo sananame. Gaba anabadwa mu 1992 ndipo anapita ku Celtic mu 2013.

Pa Zobue osintha ndalama akukuwa m'Chinyanja chathu chomwechi. Tadutsa Moatize, malasha ali mbuu pa masamba a mitengo, tawoloka Zambezi dzuwa likupendeka. Tete ndi Tete basi, Julayi yemweyu thukuta lili kamukamu.

Lachitatu, 9 Julayi

Zimbabwe tamudutsa usiku, Nyamapanda, Harare, Masvingo, ine ndili m'tulo ta nkhuku. Ndadzidzimuka ndi phokoso: muphwa akukangana ndi kondakitala, Mzimbabwe, za masewero a Malawi ndi Zimbabwe a ku Bafoussam, ku Cameroon, a mu Januwale 2022. Kondakitala akuti Warriors inagoletsa poyamba kudzera mwa Ishmael Wadi. Muphwa akuti inde, nanga kenaka? Kenaka Gaba kawiri, 2-1. Basi yonse yalowerera, amayi ena kumbuyo akuimba nyimbo ya Flames. Kondakitala wangoti tikafika pa Beitbridge tione amene atithandize kutsitsa katundu.

Pa Beitbridge taima maola asanu. Katundu yense pansi, katundu yense m'mwamba. Pasipoti ya mnyamata yalandira chidindo chake choyamba cha South Africa, chidindo cha mlendo wodzacheza. Ndamusonyeza ndi chala kuti awerenge masiku ndiponso kuti amvetse kuti chidindochi sichilola munthu kugwira ntchito, ngakhale ntchito yake ikhale yothamangitsa chikopa.

Lachinayi, 10 Julayi

Tafika mbandakucha. Kuzizira kwa Joni ndinali nditakuiwala, kumalowa m'mano. Mlamu wanga wa ku Turffontein anabwera ndi kaveni kake ndi majekete awiri, mkulu wodziwa zinthu. "Alamu, mwabwera ndi Messi wathu?" Mnyamata anangoti mano waa, milomo ikunjenjemera.

Masana takumana ndi ejenti uja pa malo odyera nkhuku m'tauni. Suti yabwino, mafoni awiri, Chingerezi chothamanga. Pa WhatsApp ankati timu ya mu Premiership, ligi yaikulu ya kuno. Lero akuti timuyo "sinayambe kuona anthu", ndiye tiyambire ku timu ya ligi yachiwiri imene mwini wake ndi mnzake. Kenaka anatchula 1,500 rand ya kalembera. Ndinafunsa kuti kalembera wa chiyani, poti timu imene ikufuna wosewera silipiritsa wosewerayo kuti imuone. Anayankha kuti ndi ya bwalo, madzi ndi mabibu. Muphwa anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndinalipira 800, ndipo ndalemba pano kuti achemwali adziwe kumene ndalama ya mbuzi yawo yapita.

Madzulo ndinamukhazika pansi kumufotokozera zimene ndinaphunzira zaka zanga za kuno, pocheza ndi anyamata athu amene ankabwera n'kubwerera. Timu ya mu Premiership imaloledwa kulembetsa alendo asanu okha. Malo asanuwo akulimbirana anyamata a ku Zimbabwe, Zambia, Namibia, Ghana, mpaka a ku South America. Ukawakomera, pamafunika chilolezo chogwirira ntchito, ndiponso kalata ya ITC yochokera ku FAM, bungwe lathu la mpira, yotsimikiza kuti kwanu wamasulidwa, ulibe mangawa ndi timu iliyonse. Popanda kalatayo ungathe kuchita nawo mapulakatisi chaka chonse koma sudzaponda bwalo tsiku la masewero. Iye ankangogwedeza mutu, maso ali pa foni, akuonera chigoli chimene Gaba anamwetsa Morocco mwina kachikwi.

Lachisanu, 11 Julayi

Matrayo ndi mawa, ndiye lero ndinati ndimuonetse kumene ndinkathera marandi anga. Tinakwera takisi mpaka Braamfontein n'kuyenda wapansi kulowera ku Milpark, kumene kuli kabwalo kamene kankatchedwa Bidvest Stadium, m'kati mwa yunivesite ya Wits. Mlonda anatilola kusuzumira patali titamuuza kuti tachokera ku Malawi. Anangoti "Mhango!" n'kuseka.

Kabwaloka n'kakang'ono, anthu 5,000 basi, Kamuzu Stadium ingakameze. Koma kunalibe malo okoma kuonera mpira usiku wa pakati pa sabata ngati pamenepa. Unkakhala pafupi moti unkamva kochi wa Wits, Gavin Hunt, akukalipira osewera ake, mawu aliwonse, ena osayenera kulembedwa. Gaba anabwera kuno mu 2016 atakhalako kanthawi kochepa ku Golden Arrows. Ife Amalawi a m'magalaja ndi m'magadeni tinkasonkhana pakona imodzi, tikumukuwira m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, iye nthawi zina n'kutikwezera dzanja. Chaka chimenecho Wits inamenya Sundowns 3-0 mu fainolo ya chikho cha MTN8, ndipo mu Meyi 2017 inatenga ligi koyamba chiyambire timuyo mu 1921. Thulani Hlatshwayo ndiye anali kaputeni, Daine Klate akuwotcha kuphiko. Usiku umene anatsimikiza ukatswiri pogonjetsa Polokwane City ndinafika kunyumba mawu atatheratu, m'mawa bwana wa pa galaja n'kumandifunsa ngati ndadwala chimfine.

Muphwa anafunsa kuti nanga Wits ikusewera liti, tidzaonere. Ndinamuyang'ana. Ana a masiku ano amadziwa chigoli chilichonse cha pa YouTube koma izi ayi.

Wits ija kulibe. Mu 2020, kutatsala chaka chimodzi kuti ikwanitse zaka 100, eni ake anagulitsa malo ake a mu ligi kwa timu ya ku Limpopo, Tshakhuma Tsha Madzivhandila. Kuno zimatheka: malo a mu ligi ndi katundu ngati minibasi, amene ali ndi ndalama amagula n'kupita nawo kwawo, n'kusintha dzina ndi mtundu wa jezi. Osewera amamva pa wailesi ngati wina aliyense. Ena amatengedwa, ena amauzidwa kuti adzionere. Timu imene inali katswiri wa dziko mu 2017 inatha mu 2020 osatsika n'komwe, inamaliza ligi ili m'gulu la pamwamba. Gaba anali atachoka kale chaka chimodzi m'mbuyomo kupita ku Pirates.

Ndiye tamverani mmene nkhaniyi inapotokera. Tshakhuma ija sinathe chaka, inagulitsidwanso n'kukhala Marumo Gallants. Gallants inafika semifainolo ya CAF Confederation Cup mu 2023, chaka chomwecho n'kutsika mu ligi. Mu 2024 inabwerera pogula malo a Moroka Swallows, timu imene Gaba ankasewera. Ndiye Gaba anapezeka ku Gallants, timu yomera pa chitsa cha Wits yake yakale, yolowa ligi ndi malo a Swallows yake, ikusewerera ku Bloemfontein pa bwalo la Celtic yake yoyamba, imenenso inagulitsidwa mu 2021. Ndinamuuza mnyamata kuti awerengenso zala zake zija. Pa matimu asanu ndi awiri a kuno amene anatchula m'basi, atatu anagulitsidwa.

Anakhala chete mpaka pa Park Station. Kenaka anati, "Koma Gaba akusewerabe." Ndinati eya, akusewerabe.

Loweruka, 12 Julayi

Tinadzuka 5 koloko. Bwalo la matrayo lili kum'mawa kwa mzinda, la khonsolo, udzu wofiirira wouma ndi chisanu, ukauponda ukuchita khrrr. Ndinawerenga anyamata 58. Ena atsika m'magalimoto a makolo awo atavala jombo zonyezimira za mitundu iwiri, ena abwera wapansi. Ndinamva Chishona, Chifalansa cha ku Congo, Chipwitikizi, ndi mnyamata mmodzi wa ku Karonga amene wakhala kuno miyezi isanu ndi itatu akuyendayenda m'matrayo, masiku a pa pasipoti anamuthera kalekale, amagona kwa anthu a mpingo. Anatipatsa moni mwaulemu kwambiri, n'kupempha ngati tili ndi bandeji.

Ejenti uja anafika mochedwa n'kukaima pafupi ndi makochi, koma ndinaona kuti iwo sakumulabadira kwenikweni. Makochi anali atatu, atakhala pa mipando ya pulasitiki, mmodzi ali ndi kabuku. Palibe anafunsidwa dzina. Aliyense anapatsidwa bibu ya nambala, wanga 41, yobiriwira, yonunkha thukuta la munthu wina. Anawagawa m'magulu, gulu lililonse mphindi 25.

Muphwa ndi wakuphiko lakumanzere. Anamuika kumbuyo, pa nambala 3, chifukwa ofuna kuphiko anali asanu ndi anayi. Anayang'ana kwa ine, ine ndinayang'ana kumwamba. M'matrayo palibe amapatsira mnzake mpira, aliyense akufuna kudyetsa anthu atatu kanzu kuti aoneke. Mphindi khumi zoyamba anaukhudza kawiri. Kenaka wakutsogolo wina wamtali ngati mlongoti anathamangira mbali yake, muphwa anamudikira, osagwa msanga, anamukankhira kunja pang'onopang'ono mpaka mpira unatuluka. Kachiwiri anamulanda bwinobwino n'kuponya mpira wautali, wa phazi lamanzere, umene unagwera pachifuwa pa mnzake kutsidya. Kochi wa kabuku uja anaweramira kwa mnzake n'kulemba kanthu. Ine mtima unali pakhosi ngati ndine ndikuyesedwa.

Mphindi zisanu zomaliza anali atagwira m'chiuno, akupuma ngati galu. Joni ali pamwamba, mamita oposa 1,700, pamene Blantyre ali cha m'ma 1,000, ndipo mpweya wa Julayi ndi wouma ngati wa mu uvuni wozizira. Atatuluka analavula, nati pakhosi pakumveka magazi.

Pamapeto anaitana manambala khumi ndi awiri kuti abwerenso Lolemba. 41 anali wachisanu ndi chinayi. Wa ku Karonga sanaitanidwe. Anavula bibu, anaipinda bwinobwino, anatsanzika, nati Lachiwiri kuli ena ku Tembisa. Mlamu anamupatsa ya takisi.

Lamulungu, 13 Julayi

Titatuluka m'tchalitchi mlamu anatitengera ku Soweto. Orlando Stadium tinangoizungulira kunja, ligi ili pa tchuthi. Apa mnyamata anajambulitsa zithunzi mwina makumi atatu, manja atapingasa pachifuwa monga amachitira masapota a Pirates.

Ku Pirates kuno ndi kumene Gaba anafika pachimake. Mu Januwale 2020 anamwetsa zitatu yekha pamene Pirates inkaswa Polokwane City 4-1, kochi ali Mjeremani uja Josef Zinnbauer. Ligi ya chaka chimenecho, imene inamalizidwa popanda masapota chifukwa cha Covid, anaitseka ndi zigoli 16, kufanana ndi Peter Shalulile wa ku Namibia, n'kugawana mphoto ya womwetsa zambiri. Shalulile ankasewera Highlands Park, imenenso inagulitsidwa chaka chomwecho, koma iye anagwera ku Sundowns kumene watola zikho mpaka kusowa poika. Anthu awiri, zigoli zofanana, njira zosiyana.

Koma pa bwalo lomweli ndi pamenenso Gaba anadya benchi. Zinnbauer atachoka, makochi otsatira sankamuika, nthawi zina ngakhale pa benchi pomwepo osaoneka. Munthu yemweyo anapita ku Cameroon mu Januwale 2022 n'kumwetsa zigoli zitatu, kuphatikizapo chija cha pa 25 Januwale ku Yaoundé, pamene anaona goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, wasuntha pagolo n'kuumenya ali kutali, pafupi ndi pakati pa bwalo. Tinagonja 2-1, En-Nesyri ndi Hakimi anatibweza, koma dziko lonse lapansi linaona. Anabwerera ku Pirates n'kukhalanso pansi. Pakati pa chaka anapita ku AmaZulu. Ine za m'kati mwa timu sindinaliko, ndipo Gaba naye si mngelo, koma chimene ndinkafuna mnyamata amve n'chakuti kochi amene anakufuna akachoka, iwe umasanduka katundu wa mwini wakale.

Tinadutsanso pa Dobsonville, kwawo kwa Swallows, timu ya mu 1947. Mu Disembala 2023, Gaba ali komweko, osewera ananyanyala chifukwa cha malipiro mpaka masewero awiri a ligi osaseweredwa. Muphwa anadabwa kuti zoterezi zimachitikanso ku Joni. Ankayesa ndi matenda a kwathu okha.

Tinadya kota pamsewu, buledi wobooledwa wodzaza tchipisi, polony ndi atchar. Usiku tinaonera fainolo ya Club World Cup, Chelsea 3 PSG 0. Mlamu ndi wa Chelsea, sitinagone.

Lolemba, 14 Julayi

Tsiku lachiwiri la matrayo. Lero anawasakaniza ndi osewera enieni a timuyo, ndipo kusiyana kunaoneka: awa amapatsirana kamodzi kamodzi, mpira suima. Anamuikanso pa nambala 3. Sanachite zodabwitsa, sanalakwitsenso kwambiri. Wina anamuponda pa kakolo, watupa pang'ono, tamuika madzi oundana a m'firiji ya mlamu pamodzi ndi nkhuku. Akuti yankho Lachinayi.

Lachiwiri, 15 Julayi

Mlamu anali ndi katundu wokatula ku Bloemfontein, ndiye anati m'malo mokhala m'nyumba kudikira foni, tikwere. Makilomita pafupifupi 400 pa N1, kuwoloka Vaal, kudutsa Kroonstad, minda ya chimanga chouma yosaoneka malire, yopanda munthu ngakhale mmodzi. Mnyamata anafunsa kuti eni minda amakhala kuti. Kuzizira kwa Free State kumaposa kwa Joni, madzi a m'ngalande anali ataundana mpaka 9 koloko.

Titatula katundu tinapita ku Rocklands, pa bwalo la Dr Petrus Molemela, limene kale linkatchedwa Seisa Ramabodu. Kwa Mmalawi wokonda mpira, pano ndi ngati kumudzi kwachiwiri. A Molemela, mwini Celtic wa nthawi imeneyo, ndi amene anatenga Amalawi m'zaka za m'ma 1980, ndipo mzere sunaduke: Ernest Mtawali, John Maduka, Limbikani Mzava, Gaba.

Panja pa bwalo tinapeza mdala wina akugulitsa malalanje, atavala chipewa chaubweya cha mizere yobiriwira ndi yoyera, chothetheka. Mlamu amayankhula Chisotho cha m'misewu, ndiye anamuuza kumene tachokera. Mdala anaimirira. Sanatchule Gaba poyamba, anatchula "Chirwali", dzina limene Mtawali ankadziwika nalo kuno pamene Celtic inkatenga Mainstay Cup mu 1985. Anaika lalanje pansi n'kutisonyeza mmene ankatembenukira ndi mpira, mdala wa imvi, m'fumbi, atavala mabuti a ntchito. Kenaka Maduka, amene anali kaputeni wawo, pambuyo pake kochi, n'kuwafikitsa mafainolo awiri mu 2020: Nedbank Cup imene anagonja 1-0 kwa Sundowns, ndi MTN8 imene anagonja 2-1 kwa Pirates ya Gaba. Miyezi yowerengeka chabe pambuyo pake, mu Ogasiti 2021, timu inagulitsidwa kwa Shauwn Mkhize, inasamukira ku KwaZulu-Natal n'kukhala Royal AM. Royal AM nayo chaka chino yachotsedwa mu ligi.

Tinamufunsa za timu yatsopano, poti mwezi uno SuperSport United yagulidwa n'kutchedwa Siwelele, dzina limene masapota a Celtic amadzitcha, ndipo akuti izisewera konkuno. Mdala anakweza mapewa. Mlamu anatimasulira kuti akuti adzapita kukaimba, chifukwa kuimba ndi kwawo, koma mwana wa mnansi ngakhale umuveke malaya a mwana wako amene anamwalira, umadziwa.

Kenaka anayang'ana muphwa, miyendo yake, nafunsa ngati amasewera. Atamva za matrayo anamupatsa malalanje awiri osalipira. Pobwerera mnyamata sanatsegule foni. Anafunsa mlamu kuti Maduka anakhala zaka zingati timu imodzi, nanga anatani kuti mpaka anthu a eni amupatse ukochi.

Lachinayi, 17 Julayi

Yankho talandira, ndipo talandira pamaso, zimene ndayamika. Kochi wa kabuku uja anatiitanira pambali. Anati phazi lamanzere ndi labwino, mutu ulipo, ndipo akanakhala wa konkuno akanamusunga kuti akule. Koma malo a mlendo sapereka kwa munthu woti akule, amapereka kwa munthu amene Loweruka likubwerali angawapatse mapointi atatu. Anawonjeza kuti mnyamata asiye kudzitcha wakuphiko, ndi nambala 3, ndipo akasewere masewero 30 pa chaka pa malo amenewo kulikonse kumene angamupatse mpata, osati 9 amene anasewera chaka chatha. Muphwa anati "thank you coach" mawu akunjenjemera.

Tisanafike pa geti ejenti anatulukira ndi pepala. Akuti tisadandaule, ali ndi matimu ena ku Mpumalanga ndi ku Eswatini, mnyamata atsale, ine ndizipita, angosaina apa. Masamba anayi. Ndinati tikawerengere kunyumba. Anati cholembera chilipo pompano. Ndinati safunsa anadya phula, iye sanamve, mlamu anaseka yekha.

Kunyumba ndinamupatsa mwini wake kuti awerenge mokweza, poti Chingerezi cha Fomu 4 ali nacho kuposa ine. Pepala likuti ejenti akhala womuyimira yekhayo kwa zaka zisanu. Malamulo a FIFA salola pangano la wosewera ndi ejenti kupitirira zaka ziwiri, ndipo ejenti amayenera kukhala ndi laisensi, imene pa pepalali sinatchulidwe paliponse. Likutinso ndalama za chakudya ndi malo ogona pa nthawi ya matrayo ndi ngongole ya wosewera. Pofika tsamba lachitatu mawu ake anayamba kutsika.

Komabe tinakangana, ndisabise. Anati ine ndinabwera kudzamulepheretsa, kuti kuyambira Lachisanu ndakhala ndikumuonetsa manda a matimu. Anati akabwerera anzake a ku Ndirande amuseka, amene anamuperekeza pa Wenela ndi mavuvuzela. "Amalume, inu munabwerako ndi chiyani ku Joni kuno?" Linandilasa, chifukwa ndinabwerako ndi kompresa imodzi ndi msana wopweteka. Ndinatuluka panja kukazizidwa. Mlamu ndi amene anatsala naye, sindikudziwa anakambirana zotani, ndinangomva dzina la mnyamata wa ku Karonga likutchulidwa.

Nditalowa ndinapeza pepala lili pa tebulo losasainidwa, iye akutsuka jombo m'beseni.

Loweruka, 19 Julayi

Dzulo tinagula zofunda za achemwali ndi jombo zatsopano m'sitolo ina ya mu Small Street, zotsika mtengo koma zoona. Zakale wakana kutaya. Ejenti waimba kasanu, kenaka watumiza uthenga woti mwana wanga ndamuphera tsogolo. Za 800 rand sanatchule.

Basi yanyamuka yodzaza mafiriji, matayala ndi mabulangete. Tikuyankhulana pang'onopang'ono, za chakudya ndi za mpando.

Lamulungu, 20 Julayi

Talowa Mozambique pa Cuchamano masana, tadutsa Changara, kutentha kwabwerera, majekete tavula. Mpando wa kutsogolo kwathu kuli bambo wina wa ku Moatize amene wakhala akumvetsera mpira pa kawailesi m'Chipwitikizi. Muphwa anamufunsa kuti ndi matimu ati, ndipo nkhani inayambira pamenepo, m'Chinyungwe chosakaniza ndi Chichewa, akumvana bwinobwino. Bamboyo ndi wa União Desportiva do Songo, timu ya ku damu la Cahora Bassa, imene inatenga Moçambola, ligi ya dzikolo, mu 2017, 2018 ndi 2022. Anatchula John Banda, Mmalawi amene anasewerako timuyo, ngati m'bale wake. Anati Amalawi kumeneko amawakonda chifukwa sachedwa kumva chiyankhulo ndipo nsima ndi yomweyi.

Tisanalowe mu Tete pali mphambano, msewu wina ukukhotera kumanzere kulowera kumapiri, chikwangwani chikuti Songo. Mnyamata anadzuka pampando, anandidutsa pamiyendo kuti aone pawindo langa, mpaka chikwangwanicho chinabisika ndi malambe.

Atakhala pansi anatulutsa foni n'kuyamba kulembera kochi wake wakale wa timu ya pa ngongole ija. Anandionetsa asanatumize, kuti ndione ngati ulemu wakwana. Akupempha kuyamba nawo mapulakatisi Lachitatu, ndipo akuti ngati pa nambala 3 pali mpata, amuyese pamenepo. Kenaka anafunsa bambo wa ku Moatize uja kuti zenera losainira osewera ku Moçambola limatsegulidwa mwezi uti, ndipo kuchokera pa Zobue kukafika ku Songo ndi ndalama zingati.

Netiweki yathu igwira tikafika pa Mwanza. Achemwali akuti aphika nkhwani wotendera.